Chithunzi Satola, Amapempha

M'Chichewa cha masiku ano timakonda kunena kuti "kutola zithunzi." Mawuwa tinawazolowera kwambiri moti sitiima n'kuwaganizira. Koma taonani zinthu zimene munthu amatola: mango ogwa okha ndi mphepo, ndalama imene wina wataya pamsewu, nkhuni za m'tchire. Chotola ndi chinthu chimene chagona pansi popanda wochiyang'anira. Tsono mawu akuti chithunzi ndi pachibale ndi mthunzi ndiponso chithunzithunzi, chija chimayenda ndi munthu kulikonse dzuwa likawala, ndipo chimenecho chili ndi mwini wake. Tchuthi chapitachi ndinakhala masabata 6 ku Chikanda, mumzinda wa Zomba, ndili ndi kamera yobwereka, ndipo anthu a kumeneko anandionetsa kusiyana kwa kutola ndi kupempha.

Ntchitoyi inachokera m'kalasi. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timamva kawirikawiri mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, nzeru imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuilimbikitsa kwa zaka zambiri. Aphunzitsi athu anatiuza kuti aliyense abwere kuchokera ku tchuthi ndi chipangizo chophunzitsira chopanga yekha. Ine ndinasankha kupanga makadi a zithunzi zoonetsa mmene anthu a m'tauni amapezera ndalama ndi madzi tsiku ndi tsiku, kuti ndidzawagwiritse ntchito pophunzitsa Social Studies ku Fomu 1 ndi 2. Ndinkafuna kuti mwana akamaphunzira za ntchito ndi za kukula kwa mizinda aziona anthu ofanana ndi amayi ake. Kamera ndinabwereka kwa mkulu wina wa mpingo amene amajambula maukwati, ndipo malo ogona ndinali nawo kale, poti azakhali anga amakhala ku Chikanda komweko.

Kwa inu amene simunafikeko, Chikanda ndi dera la nyumba zothithikana pafupi ndi University of Malawi, ija tinkaitcha Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Ophunzira ambiri amene sanapeze malo ogona pasukulupo amachita lendi kumeneko, choncho moyo wa deralo umayendera limodzi ndi kalendala ya sukulu: ikatsegulira, ogulitsa tomato, makala ndi mandasi amapuma bwino, ikatsekera, malonda amazizira. Chapafupi pamadutsa mtsinje wa Likangala, umene umakathira m'nyanja ya Chilwa. Ukaima pakhomo pa azakhali n'kutukula maso, umaona phiri la Zomba litatenga mbali yonse ya thambo. Pamwamba pake pali damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi a mumzinda, komanso malo oonerapo dziko otchedwa Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo dziko lino litangolandira kumene ufulu. Alendo amaima pamenepo n'kujambula chigwa chonse osapempha aliyense, chifukwa kuchokera kumwambako tauni imangooneka madenga. Zithunzi zimene ine ndinkafuna zinali pansi pa madengawo.

Azakhali atangoona kamera ija anaitenga n'kuiika pamwamba pa kabati. "Ikhale kaye apa," anatero. "Kuno sakukudziwa." Usiku womwewo anandifotokozera zifukwa zimene anthu amakanira kujambulidwa, ndipo m'masabata otsatira ndinadzazimva ndekha kuchokera kwa eni ake.

Choyamba ndi ndalama. Kwa zaka zambiri anthu osiyanasiyana afika m'deramo ndi mafomu, mafunso ndi makamera. Afunsa kuti mumadya kangati patsiku, chimbudzi chanu chili kuti, ana angati ali pasukulu. Kenako akwera galimoto, ndipo saonekanso. Anthu amakhulupirira kuti zithunzi zawo zimakapemphera ndalama kunja, ndalama zimene iwo saziona. Chachiwiri ndi mantha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'madera ena a chigawo cha kummwera, ndipo anthu ena anaphedwa pongoganiziridwa. Mphekeserazo zinatha, koma mlendo wonyamula chipangizo chachilendo amayang'anidwabe kawiri. Chachitatu ndi chatsopano, ndipo ndicho chikuopedwa kwambiri ndi achinyamata: chithunzi chako kupezeka pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, anthu osakudziwa akuseka diresi yako yong'ambika.

Mantha amenewa si a umbuli. Mu 1936 mayi wina wojambula zithunzi ku America, Dorothea Lange, anajambula mayi wosauka ali ndi ana ake pamsasa wa aganyu ku California. Chithunzicho, chotchedwa Migrant Mother, chinatchuka padziko lonse. Lange sanafunse dzina la mayiyo. Panapita zaka zoposa 40 kuti anthu adziwe kuti anali Florence Owens Thompson, ndipo iye anadandaula kuti sanapindulepo kanthu. Nafenso kwathu kuno tili ndi zofanana nazo. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo National Archives of Malawi, nkhokwe ya zolembedwa zakale za dziko lino, ili komweko mpaka lero. Mukayang'ana zithunzi za nthawi ya atsamunda, kapena za m'mabuku akale a mbiri ya mamishoni, kawirikawiri mupeza kuti mzungu wakhala pampando watchulidwa dzina, pamene Amalawi khumi oima kumbuyo kwake angotchulidwa monga gulu. Ife amene mbiri ya mpingo wathu m'dziko muno imayambira ku Malamulo mu 1902 tiyenera kumadzifunsa kuti anthu oima kumbuyowo anali agogo a ndani.

Khomo loyamba linali la a mfumu. Ndinapita ndi azakhali, nditavala chitenje, ndili ndi kalata yochokera ku koleji. A mfumu anaiwerenga modekha, n'kufunsa kwathu, dzina la bambo anga, ndi kumene zithunzizo zidzathere. Pomaliza anati: "Mwanawe, ine ndakuloleza kuyenda m'dera muno. Koma nkhope za anthu si zanga. Aliyense umupemphe yekha."

Mawu amenewa anandikumbutsa nkhani ina ya mu Zomba momwemo. Mu 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli, amene amajambula zithunzi ndi makanema, analoledwa kulowa m'ndende yaikulu ya Zomba kukajambula nyimbo za akaidi. Chimbale chake chinatuluka mu 2015, ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Kundende chipata n'chimodzi, ndipo amene ali ndi kiyi amadziwika. Komabe ngakhale chipata chitatseguka, nyimbo singatuluke pakamwa pa munthu amene sakufuna kuimba. Ku Chikanda kulibe chipata, ungathe kulowera kulikonse, koma khomo lililonse lili ndi odi wake. Makolo athu anatiphunzitsa kuti ukati "odi" umaima panja mpaka mwini nyumba ayankhe. Sunena odi mwendo uli kale m'kati. Ndipo ngati sanayankhe, umabwerera.

Masabata awiri oyamba kamera inakhalabe pakabati. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi ndowa ku kiyosiki ya madzi n'kuima pamzere. Ndinkagula tomato pamalo amodzimodzi. Sabata yachiwiri kunachitika maliro pafupi ndi kwathu, ndipo ndinagona kusiwa ndi amayi, m'mawa n'kuthandiza kutunga madzi ndi kuphika. Pamaliro ndi pamene anthu amakuwerenga, ngakhale palibe amene akuoneka kuti akukuyang'ana. Poyamba ankanditchula kuti "mtsikana wa Sabata uja." Atamva kuti ndikuphunzira zauphunzitsi anayamba kundiseka kuti "madamu," ndipo dzinalo linakhazikika. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amayi a Dorika a mpingo umene azakhali amapempherako ananditenga kangapo pokaona odwala ndi okalamba. Maulendo amenewa anandidziwitsa tinjira ta m'dera ndiponso makomo amene sindikanawafika ndekha. Mmodzi mwa amayiwo anandiuza mwachikondi kuti nditenge kamera, poti kumeneko ndi kumene kuli zithunzi zogwira mtima. Ndinawapempha kuti andikhululukire. Munthu amene wangolandira kumene sopo ndi ufa sangakane ukamupempha chithunzi. Avomera ndi pakamwa chifukwa cha manyazi, kapena poopa kuti akakana simudzabweranso. "Inde" wotere ndi wogula ndi sopo, ndipo sindinafune kumuwerengera ngati chilolezo.

Ambirife timadziwa ndime ija ya m'buku la Ellen White, The Ministry of Healing, la mu 1905, imene imafotokoza kuti Yesu ankayamba wakhala pakati pa anthu, kuwamvera chifundo ndi kuwathandiza pa zosowa zawo, ndipo anthuwo atamukhulupirira m'pamene ankawaitana. Timakonda kuiwerenga ngati njira yopezera zimene tikufuna. Ku Chikanda ndinaona kuti anthu amazindikira msanga ngati ubwenzi wako uli nyambo ya pambedza. Kutunga madzi ndi kugona kusiwa kunayenera kukhala koona pakokha, ngakhale pamapeto pake pasadzapezeke chithunzi n'chimodzi chomwe. Pachitsime cha ku Samariya, m'buku la Yohane mutu 4, Yesu ndiye anayamba kupempha madzi. Anadziika pamalo a wosowa, ndipo mayi uja anali ndi mphamvu yopereka kapena kumana.

Woyamba kujambulidwa anachita kudziitanira. Anali bambo wina telala amene amasokera pakhonde la golosale. Tsiku lina ndikudutsa anandikuwira: "Madamu, kamera tikuimva mbiri ija ilipodi, kapena ndi nthano?" M'mawa mwake ndinapita nayo. Ndinawapeza atavala shati yoyera yosita bwino ndi tayi, makina atawapukuta, zidutswa za nsalu zonse atasesa. Ine ndinkafuna chithunzi cha munthu ali kalikiliki pantchito. Iwo ankafuna chithunzi choti akapachike pabalaza. Tinagwirizana kuti tijambule ziwiri: china monga akufunira iwo, kuti chikhale chawo, china ali pantchito, kuti ndikaphunzitsire. Pangano limeneli ndinalisunga kwa aliyense mpaka kumapeto.

Patapita masiku atatu ndinapita m'tauni kukatsukitsa chithunzi chawo n'kuwabweretsera mu envelopu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana wa golosale, wa makala ndi mnyamata wa kabaza kuti adzaone. Kalata ya ku koleji sinatsegule makomo ambiri ngati envelopu imeneyo. Achikulire amakumbukira ojambula akale oyenda panjinga, amene ankafika pa Khirisimasi, kukujambula utaima pafupi ndi maluwa, kulandira ndalama pang'ono, n'kubwera ndi chithunzi patapita sabata. Wojambula wotere ankadziwika ndi kubwerako kwake. Masiku ano foni iliyonse imajambula, koma anthu ambiri amene ndinakumana nawo analibe chithunzi chawo chapapepala chaposachedwa, kupatula cha pa chiphaso cha unzika.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi ndondomeko yanga. Ndisanatulutse kamera m'chikwama ndinkafotokoza zinthu zinayi: chithunzichi adzachiona ndani, chidzasungidwa kuti, sichidzaikidwa pa intaneti, ndipo mwini wake angathe kusintha maganizo tsiku lililonse ine ndisanachoke. Ndinkanenanso poyera kuti palibe thandizo lililonse limene lidzabwere chifukwa cha zithunzizi. Ena atamva zimenezi ankabwerera kuntchito zawo, ndipo tinkapatsanabe moni mawa lake. Ndikajambula, ndinkamuonetsa munthuyo pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, ndipo chimene sanachikonde ndinkafufuta iye akuona. Ndinkafunsanso mmene akufuna kuti ndilembe pansi pake: dzina lonse, dzina la mwana wawo monga timachitira poitana amayi, kapena ntchito yokha. Kwa ana ndinkapempha kholo, kenako mwanayo payekha, chifukwa mwana nayenso amachita manyazi.

Mayi amene ndinkagulako tomato ndi Msilamu. Anavomera, koma anati ndidikire akonze mpango wa kumutu, ndipo ndisabwere Lachisanu masana. Ndinawauza kuti nanenso Lachisanu dzuwa likalowa kamera imabwerera pakabati mpaka Loweruka madzulo. Anaseka nati, "Ndiye kuti tonse tili ndi tsiku lathu." Anyamata okumba mchenga mumtsinje wa Likangala anali ndi nkhawa ina. Ankaopa kuti chithunzi chingadzagwiritsidwe ntchito powathamangitsa, poti kukumba mchenga kumagumula magombe ndipo adindo amakuletsa. Zonse ziwiri n'zoona: mtsinje ukuwonongeka, ndipo anyamatawo alibe kwina kopezera chakudya. Mwana wa Fomu 2 ayenera kuphunzira zonsezo. Tinagwirizana kuti ndijambule mafosholo, wilibala ndi mulu wa mchenga, popanda nkhope ya munthu kapena chizindikiro cha malo.

M'kalasi ya maziko a maphunziro tinawerenga za Paulo Freire wa ku Brazil, amene ankatsutsa kuphunzitsa kotenga wophunzira ngati chotengera chopanda kanthu chongothiramo nzeru. Potsatira maganizo akewo, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris anapereka makamera kwa amayi a kumudzi m'chigawo cha Yunnan ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuti ajambule okha moyo wawo, njira imene inadzatchedwa photovoice. Ine kamera ndinali nayo imodzi, yobwereka, moti sindikanaisiya m'manja mwa wina usiku. Koma ndinkatha kufunsa kuti, "Inu mukanakhala ndi kamera, mukanajambula chiyani?" Amayi a ku kiyosiki anati ndibwere kusanache ndidzaone mzere wa ndowa ndi zigubu zimene zimagwirira eni ake malo madzi asanayambe kutuluka. Mnyamata wa kabaza ananditengera pachitunda pamene njinga imakana, pamene iye amatsika n'kukankha. Agogo ena anandionetsa nyumba ya zipinda zitatu zochititsa lendi imene anamanga ndi ndalama za mandasi, njerwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. "Amene amabwera kuno amajambula zinyalala," anatero. "Jambulani iyi." Pa zithunzi 24 zimene ndinasunga, zoposa theka anasankha ndi eni dera.

Tsopano ndifike pa chithunzi chimene simudzachiona.

Kuseri kwa nyumba ya azakhali kumakhala mayi wamasiye amene amatcheza kachasu. Ife a Adventist sitimwa mowa, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Kwa masabata anayi tinkangopatsana moni pampanda. Tsiku lina anandiitana kuti ndithandize mwana wawo wa Fomu 4 masamu, ndipo ndinayamba kupitako madzulo. M'menemo ndinadziwa kuti fizi ya mwanayo, yunifomu ndi ndalama ya mayeso zimachokera mumgolo uli kuseriwo. Ndinaonanso abambo amene amafika pakhomopo m'mawa n'kuchoka akudzandira, ena mwa iwo ndalama ya ufa wa ana awo itathera pomwepo. Sindinasinthe maganizo anga pa za mowa, ndipo mayiwo sanandipemphe kuti ndisinthe.

Sabata yachisanu anandifunsa okha: "Madamu, enawa mwawajambula. Ine ndiye ntchito yanga si ntchito?" Ndinayankha kuti ndi ntchito imene ikuphunzitsa mwana, ndipo ngati alola ndijambula. Anakhala chete pang'ono. "Koma ndiuzeni zoona. Simukandionetsa kutchalitchi kwanu kuti anthu aone mmene wochimwa amaonekera?" Ndinawalonjeza kuti ayi, n'kubwereza zinthu zinayi zija. Ndinawajambula madzulo, dzuwa likupendekera kuphiri. Utsi unkakwera pambali pawo, ndipo pachingwe kumbuyo kwawo panali patayanikidwa yunifomu ya mwana uja. Sindinachite kukonza, inali pomwepo. Pa zonse zimene ndinajambula ku Chikanda, palibe chimene chinkafotokoza phunziro langa momveka ngati chimenechi.

Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, anabwera kwa azakhali m'mamawa. Anakhala pamkeka, n'kuyamba ndi nkhani za kuzizira. Kenako anati mwana wawo wawapempha kuti chithunzicho chisapite. Akufuna kudzakhala namwino, ndipo akuopa kuti tsiku lina wina adzazindikira amayi ake pakhadi la m'kalasi. "Mundikhululukire, mwananga. Ndinavomera ndine, koma nkhope yanga ndi yakenso."

Sindikubisirani, mtima unawawa. Ndinaganiza za malikisi, ndinaganiza zoti ndingathe kubisa nkhope n'kusiya utsi ndi yunifomu, ndinaganizanso zoti makadiwo akagwira ntchito kutali ndi Zomba kumene palibe angawadziwe. Ndinawafunsa ngati angalole chopanda nkhope. Anapukusa mutu: yunifomuyo imadziwika. Choncho ndinatenga kamera, tinakhala limodzi pamkekapo, ndipo ndinafufuta zithunzi zonse zitatu za tsiku lija iwo akuona. Chapapepala chimene ndinali nditatsukitsa kale ndinawapatsa. Anachipinda m'kansalu n'kuchiika pachifuwa. Lonjezo loti munthu angathe kusintha maganizo ndi losavuta kulinena pamene chithunzi chili wamba. Limayesedwa pa chithunzi chimene ukuchikonda kuposa zonse.

Lamlungu lomaliza tinamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri pabwalo la a mfumu n'kupachikapo makadi onse ndi zopanira zovala. Ndinafuna kuti eni ake akhale oyamba kuona, zithunzizo zisanakwere basi. Anabwera ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo sanabwere kudzangoyamikira. Anandikonza. Pansi pa chithunzi china ndinali nditalemba kuti "wogulitsa makala," ndipo mwini wake anati ndiwonjezere kuti ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo. Bambo telala anati ndilembe kuti aphunzitsa anyamata anayi kusoka. Mayi wina anachotsa khadi la mwana wake chifukwa anaoneka wosasamba, ndipo tinajambulanso lina pomwepo. Aphunzitsi a m'tsogolo, dziwani kuti kuchongedwa ndi cholembera chofiira pamaso pa anthu kumaphunzitsa kudzichepetsa. Ndinabwerera ku koleji ndi makadi olondola kuposa amene ndinapita nawo pabwalopo.

Malamulo a dziko lathu sali chete pankhaniyi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi pa moyo wake, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act lokhudza mmene uthenga wa munthu uyenera kusonkhanitsidwira ndi kusungidwira. Koma ife tili ndi chifukwa chakale kuposa malamulowa. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ngati zili choncho, nkhope ya mayi wotcheza kachasu, ya mnyamata wokumba mchenga ndi ya m'busa zili ndi ulemu wofanana. Ndipo m'buku la Chivumbulutso mutu 3, Ambuye mwini zonse akuonetsedwa ataima kunja kwa khomo, kudikira kuti wam'kati atsegule. Ngati Iye amadikira, wophunzira wa chaka chachiwiri wonyamula kamera yobwereka alibe chifukwa chothamangira.

Ndalemba izi chifukwa tonsefe tsopano ndife ojambula. Posachedwapa ena tipita kukayeserera kuphunzitsa m'masukulu a m'midzi. Ena tipita ndi magulu a achinyamata kukasesa kuchipatala, kukachezera akaidi, kapena kukapereka zovala kwa ana amasiye. Pa maulendo otere mafoni amatuluka m'matumba ntchito isanayambe, ndipo pofika madzulo nkhope ya gogo wodwala, atagwira paketi ya shuga, ili kale pa status ya anthu makumi awiri. Timati tikuchitira umboni. Koma gogoyo sanafunsidwe, ndipo adzukulu ake nawonso ali ndi mafoni. Lipoti la ntchito ya mpingo lingathe kuonetsa ife tikunyamula matumba, kapena manja akusesa, popanda kuonetsa wolandira pa ola la kusowa kwake. Ngati tikufunadi nkhope yake, tibwerenso tsiku lina opanda mphatso, tikhale pansi, tipemphe, ndipo tikonzekere kumva kuti ayi.

M'bokosi la makadi anga muli khadi limodzi loyera, lopanda chithunzi. Aphunzitsi athu atafunsa ngati ndinaiwala kumata, ndinawafotokozera nkhani yonse popanda kutchula dzina. Tinagwirizana kuti likhale momwemo ngati gawo la phunziro. Kumbuyo kwake ndinalemba mafunso awiri oti ana a Fomu 2 adzakambirane m'magulu: munthu angakhale ndi zifukwa zotani zokanira kujambulidwa, nanga iwe utajambulidwa lero osadziwa, ungafune kuti chithunzicho achione ndani? Ndikuyembekeza kuti khadi limeneli lidzabweretsa phokoso m'kalasi kuposa ena onse.

Tchuthi chikubwerachi ndibwerera ku Chikanda. Ndili ndi ngongole ya zithunzi zisanu zimene sindinathe kutsukitsa ndalama zitandithera, ndipo mayina a eni ake ndinawalemba kuseri kwa kope langa. Mwana wa mayi uja adzakhala atalemba mayeso ake a MSCE, ndipo ndikufuna kukamva mmene masamu anayendera.